Kubwereka pochotsera: mwana adziwe bwanji kuti apa pafunika, apa ayi

Makolo ambiri amene amabwera kudzandiona atanyamula kope la mwana amafunsa funso limodzimodzi. Amati, "Aphunzitsi, mwanayu kuchotsera amatha ndithu, koma masamu obwerekawa akumuzunguza mutu. Lero akhoza, mawa alakwa samu yonga yomweyo. Timuthandize bwanji kunyumba?" Funsoli limandipeza pakhonde la kalasi, pamsika, ngakhale potuluka m'tchalitchi, ndipo malo ngati amenewo munthu sungafotokoze zonse. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi bwinobwino, kuti inu bambo, mayi, agogo, azakhali kapena mkulu wake wa mwanayo muzikhala nazo pafupi.

Ana ambiri amene timawanena kuti sadziwa kubwereka, kubwerekako amakudziwa. Amatha kukhwatcha nambala, kulemba ka 1 pambali pa inzake, zonse mwaukhondo. Chimene sadziwa ndi nthawi yake. M'buku masamu obwereka amakhala pa tsamba lawolawo, osabwereka pa lawonso, ndiye mwana amangotsatira mmene samu yoyamba yayendera mpaka tsamba latha. Safunika kuganiza. Tsiku la mayeso masamu aja akasakanikirana, mwana amangolota. M'kalasi ya ana ochuluka, monga mmene zilili m'masukulu athu ambiri, mphunzitsi sangathe kukhala pambali pa aliyense n'kumva mmene akuganizira. Inu kunyumba mungathe.

Tisanayambe, tigwirizane pa mawu amene mwana wanu amamva m'kalasi. Nambala ngati 352 ili ndi malo atatu. Kumanja kwenikweni kuli mawani, kutanthauza zinthu zongokhala chimodzichimodzi, ndipo apa ndi 2. Pakati pali mateni, ndiwo makumi, apa ndi 5. Kumanzere kuli mahandiredi, ndiwo mazana, apa ndi 3. Pamwamba pa samu mudzaona zilembo H, T ndi O, zimaimira malo amenewa. Tikalemba nambala ina pansi pa inzake, malo aliwonse amapanga mzere wotsika, ndiye ndizinena kuti mzere wa mawani, mzere wa mateni. Kubwereka ndiko kutenga teni imodzi n'kuimwaza kukhala mawani 10, kapena handiredi imodzi kukhala mateni 10. Aphunzitsi ambiri amati "tikabwereke kwa aneba", ndipo neba wakeyo ndi nambala yoyandikana nayo cha kumanzere.

1. Yambani mwaona pamene mwana akugwera

Musathamangire kuphunzitsa. Mulembereni masamu asanu awa motsika, nambala yaikulu pamwamba, ndipo musamuuze kanthu: 57 − 23, 52 − 38, 45 − 25, 40 − 17, 47 − 10. Mayankho ake ndi 34, 14, 20, 23 ndi 37. Akamaliza musangochonga ndi kuthetha. Yang'anitsitsani yankho lolakwalo, chifukwa limanena lokha chimene chili m'mutu mwa mwana.

Akalemba kuti 52 − 38 ndi 26, ndiye kuti waona 2 pamwamba ndi 8 pansi, n'kungotembenuza, 8 kuchotsa 2. Vuto ili ndilo lofala kuposa onse. Akalemba 24, wabwereka koma waiwala kuti 5 uja watsika n'kukhala 4. Akalemba 214 pa 57 − 23, ndi mwana wobwereka paliponse: wapanga 17 kuchotsa 3 n'kupeza 14, kenako 4 kuchotsa 2. Akalemba 37 kapena 30 pa 40 − 17, ziro ndiye akumusokoneza. Akakhwatcha nambala pa 45 − 25, akuganiza kuti nambala zikafanana pamafunika kubwereka.

Muonenso ngati amatha masamu aang'ono monga 13 − 8, 15 − 7, 12 − 9 mosavutika kwambiri. Tikabwereka, nambala ya pamwamba imakhala pakati pa 10 ndi 18 nthawi zonse, choncho mwana amene masamu amenewa amamutengera nthawi yaitali amaiwala pamene anali asanafike mzere wachiwiri. Ngati ndi choncho, muziyamba ndi masamu aang'onowa pakamwa tsiku lililonse, mukupita kumjigo kapena mukudikira nsima.

2. Mangani timitolo

Tumani mwanayo akathyole timitengo towongoka, kutalika ngati chala. Tsekera amachita bwino, tinsungwi kapena timitengo ta machesi togwira kale ntchito tilinso bwino. Awerenge yekha khumikhumi, azimanga ndi luzi, labala kapena ulusi wa thumba. Timitolo 9 ndi timitengo tomasuka tokwana 20 n'zokwanira poyamba. Amange yekha, musamumangire. Mwana amene wawerenga ndi manja ake kuti m'kamtolo muli 10 sakayika mukadzanena kuti teni imodzi ndi mawani 10.

Jambulani mzere pansi kapena papepala. Kumanzere kuzikhala timitolo, kumanja timitengo tomasuka. Mutchulireni nambala, iye aziyala: 34 ndi timitolo 3 ndi timitengo 4, ndipo 40 ndi timitolo 4, kumanja kopanda kanthu. Miyala ndi zitsekero za mabotolo n'zabwino powerengera, koma pa phunziro ili timitengo timapambana chifukwa timamangika n'kumasulikanso.

3. Chotserani ndi manja, pensulo ili pambali

Muuzeni ayale 52. Kenako nenani, "Ndipatse 38. Yamba ndi timitengo tomasuka, ndikufuna 8." Ayang'ana kumanja kuja apeza tiwiri tokha. Apa khalani chete. Ndikudziwa kuti pakamwa pamayabwa, koma mulekeni avutike pang'ono. Ana ambiri amakhala kaye phee, kenako dzanja limapita lokha pa kamtolo n'kuyamba kukoka luzi. Akamasula, mufunseni, "Timitolo tatsala tingati? Tomasuka tilipo tingati tsopano?" Ayankha kuti 4 ndi 12. Ndiye mufunse funso limene ambiri amalidumpha: "Nanga zonse pamodzi zilipo zingati?" Ena amati 42, ena amati 62. Awerengenso mpaka aone ndi maso ake kuti zikadali 52. Palibe chimene chabwera kuchokera kwina, palibe chimene chasowa, tangosintha mamangidwe.

Muziyala nambala ya pamwamba yokha. Ya pansi ija siyalidwa, chifukwa ndi imene ikutuluka m'kati mwa ya pamwambayo. Mukayala zonse ziwiri, mwana amaona milu iwiri n'kuyamba kuyerekeza, ndipo m'pamene chizolowezi chotembenuza nambala chimabadwira.

Musamupatse masamu omasula mtolo okhaokha. Akatha 52 − 38 mupatseni 58 − 32, pamene timitengo tomasuka tikukwanira. Akagwira kamtolo kuti amasule, mufunseni mofatsa, "Ukumasuliranji? Tomasukato sitikukwana?"

4. Funso limodzi, lofunsidwa asanalembe kanthu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri timadutsa mothamanga. Mwana ayenera kukhala ndi funso lake lodzifunsa pa mzere uliwonse asanachotsere: "Zimene ndili nazo pamwamba zikukwana kupereka zimene zikufunidwa pansi?" Zikakwana, achotsere basi. Zikapanda kukwana, abwereke. Nambala ya pamwamba ndi zimene ali nazo m'manja, ya pansi ndi zimene akumupempha. Mawu awiriwa, "ndili nazo" ndi "akufuna", muziwabwereza mpaka mwana aziwanena yekha.

Pewani kumuphunzitsa kuti "timachotsa yaing'ono pa yaikulu". Mawuwa amamveka osalakwika ku Sitandade 1, koma ndi omwewo amene amabala 26 pa 52 − 38, chifukwa mwana amachita ndendende zimene anauzidwa. Ndimakondanso kuti mwana azinena kuti "sizikukwana" kusiyana ndi "sizingatheke". Kusekondale adzakumana ndi nambala zochepera ziro, kumene 2 kuchotsa 8 kumatheka, ndiye n'kwabwino kuti tisamuuze lero chinthu choti adzachifafanize mawa.

Tsopano chitani ichi, chimene ine ndimachiona chothandiza kuposa china chilichonse. Dulani timapepala, lembani samu imodzi pa kalikonse, motsika. Sakanizani obwereka ndi osabwereka: 64 − 21, 64 − 27, 83 − 53, 70 − 24, 76 − 40, 91 − 19, 38 − 8, 32 − 8. Muuzeni mwana kuti lero palibe kupeza yankho. Ntchito yake ndi kuika timapepalato m'milu iwiri, wa "zikukwana" ndi wa "sizikukwana", ndipo pa kalikonse anene chifukwa chake mokweza. Muzimva akunena kuti, "Ndili ndi 4, akufuna 7, sizikukwana, ndibwereka." Pa 83 − 53 anene kuti, "Ndili ndi 3, akufuna 3, zikukwana, ndipereka zonse, patsala ziro."

Chifukwa chomuletsera kupeza yankho n'chakuti mutu wa mwana ukatanganidwa ndi kuchotsera, kusankha kuja amakuchita mwachisawawa. Mukamuchotsera katundu wa kuwerengera, amatsala ndi ntchito imodzi yokha, yoyang'ana ndi kugamula. Mudzadabwa kuona kuti mwana amene amalemba masamu obwereka tsamba lonse osalakwa akukayika pa kapepala ka 76 − 40. Waona ziro, ndipo m'mutu mwake ziro amatanthauza kubwereka. Muuzeni aone kumene ziroyo wakhala. Ziro akakhala pansi, palibe chimene akumupempha, 6 uja angotsika momwemo. Ziro akakhala pamwamba, monga pa 70 − 24, m'manja mulibe kanthu pamene akufuna 4, ndiye kubwereka kulipo. Muike masamu awiriwa pafupi, awayang'ane onse nthawi imodzi.

Chinanso chimene chimapusitsa ana ndi kukula kwa nambala yonse. Pa 91 − 19 mwana amati, "91 ndi yaikulu kwambiri, sipafunika kubwereka." Mukumbutseni kuti funso lija silifunsidwa pa nambala yonse, limafunsidwa mzere ndi mzere, kuyambira kumanja. Pa mzere wa mawani ali ndi 1, akufuna 9.

Khalani pa sitepe imeneyi masiku angapo, mphindi khumi patsiku zikwanira. Musachokepo mwana asanayambe kugawa timapepala mosayang'ana nkhope yanu. Ana ndi ochenjera, amawerenga nsidze za kholo kuposa nambala. Choncho muzimufunsa "chifukwa chiyani?" ngakhale pamene wakhoza, kuti funsolo lisakhale chizindikiro choti walakwa.

5. Tsopano alembe, timitengo tili pambali pa kope

Chilichonse chimene dzanja lachita pa timitengo, pensulo ichitenso papepala nthawi yomweyo. Wamasula kamtolo kamodzi pa 5, akhwatche 5 alembe 4 pamwamba pake. Tomasuka takwana 12, alembe ka 1 kutsogolo kwa 2. Muumirire kuti ayambe wakhwatcha teni ija asanalembe ka 1. Ana amene amayamba ndi ka 1 ndi amene amaiwala kutsitsa neba. Ka 1 kameneko muzikatchula dzina lake lenileni, teni, kuti mwana asaganize kuti 2 wawonjezeredwa 1 n'kukhala 3.

Nambala zikhale zoongokana, wani pansi pa wani, teni pansi pa teni. Pa 305 − 42 ana ena amalemba 4 pansi pa 3, ndipo zikatero ngakhale abwereke bwino motani yankho la 263 sangalipeze. Kope la timabokosi limathandiza, nambala imodzi m'kabokosi kamodzi. Ngati mulibe, tembenuzani kope wamba cham'mbali kuti mizere yake izitsika.

Pano ndichenjeze makolo ena. Alipo amene anaphunzira njira yobweza: pa 52 − 38 amapanga 12 kuchotsa 8, kenako m'malo motsitsa 5 wa pamwamba amakweza 3 wa pansi kukhala 4, n'kunena kuti 5 kuchotsa 4. Njira imeneyi ndi yolondola, yankho limatuluka 14 lomwelo. Koma mukaisakaniza ndi ya kusukulu, mwana amatsitsa pamwamba n'kukwezanso pansi, yankho n'kutuluka 4. Onani m'kope mmene aphunzitsi ake akuchitira, mutsatire imeneyo.

6. Funso lija libwerezedwe pa nambala yatsopano

Mukafika pa mahandiredi, mangani timitolo 10 pamodzi kukhala mtolo umodzi waukulu. Kenako yesani 634 − 238. Samu imeneyi ili ndi msampha. Mwana akaiyang'ana koyamba amaona 3 pamwamba ndi 3 pansi pa mzere wa mateni, n'kugamula kuti pamenepo zikukwana. Koma mawani ayamba kale kubwereka: 4 sakukwana pa 8, ndiye 3 watsika kukhala 2, mawani akhala 14, kuchotsa 8 patsala 6. Tsopano pa mateni ali ndi 2, akufuna 3. Sizikukwananso. Abwereka handiredi, 6 akhala 5, mateni akhala 12, kuchotsa 3 patsala 9. Pomaliza 5 kuchotsa 2 ndi 3. Yankho ndi 396.

Choti mwana agwire apa n'chakuti chigamulo cha mzere wachiwiri chimadikira mzere woyamba uthe. Nambala yokhwatchidwa yafa, asaiyang'anenso, ayang'ane imene walemba pamwamba pake. Ine ndimauza ana kuti aziphimba mizere ya kumanzere ndi kachidutswa ka pepala, azikasuntha akamaliza mzere umodzi. Ichi n'chifukwa chakenso timayambira kumanja. Mukayambira kumanzere mulemba yankho la mateni, kenako mawani abwera kudzabwereka, mufufutanso.

7. Neba akakhala kuti alibe kanthu

Samu ngati 503 − 278 ndi imene imaliritsa ana, ndipo makolo ambiri nawonso amafika apa n'kunena kuti "kafunse aphunzitsi mawa". Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono ndi timitengo.

Ayale mitolo ikuluikulu 5, pa mateni pasakhale kanthu, tomasuka 3. Akufuna 8, ali ndi 3, sizikukwana. Apita pa mateni, apeza palibe kamtolo koti amasule. Apanso khalani chete, muone achita chiyani. Chinthu chokhacho chimene angamasule ndi mtolo waukulu. Akaumasula, chimene chituluke si timitengo tomasuka ayi, ndi timitolo 10. Mfundo yonse ili pamenepa. Handiredi singalumphe kukagwera pa mawani, imayamba yakhala mateni. Ndiye mitolo ikuluikulu yatsala 4, timitolo tilipo 10, tomasuka tikadali 3. Tsopano neba ali ndi kanthu. Amasule kamtolo kamodzi: timitolo tatsala 9, tomasuka takwana 13. Awerenge zonse: 400, 90 ndi 13, zikadali 503. Akatero achotsere: 13 kuchotsa 8 ndi 5, 9 kuchotsa 7 ndi 2, 4 kuchotsa 2 ndi 2. Yankho ndi 225.

Polemba, alembe masitepe onse awiri. Akhwatche 5 alembe 4, ziro akhale 10, kenako akhwatche 10 alembe 9, ndipo 3 akhale 13. Kope lioneka lodetsedwa, zilibe kanthu. Mayankho olakwa a samu imeneyi amakuuzaninso pamene pathyoka. Yankho la 235 likutanthauza kuti 10 uja sanatsike kukhala 9. La 325 likutanthauza kuti walemba 9 koma 5 sanamukhudze. La 275 likutanthauza kuti walumpha ziro, kenako watembenuza 0 ndi 7.

Chonde musamupatse chidule chakuti "ziro amasanduka 9". Chidulechi chimagwira ntchito pa 503 − 278, koma taonani 507 − 142. Pa mawani ali ndi 7, akufuna 2, zikukwana, patsala 5. Pa mateni ali ndi 0, akufuna 4, abwereka handiredi, ziro akhala 10. Palibe amene akudzabwereka kwa 10 ameneyu, choncho akhalabe 10, kuchotsa 4 patsala 6. Yankho ndi 365. Mwana wa chidule uja alemba 355 ndipo sadziwa chimene chalakwika. Chimodzimodzi 612 − 347: mawani abwereka, 1 wa pa mateni watsika kukhala 0, ziro ameneyo akabwereka akhala 10, yankho 265. Ziro amafika pa 9 pokhapokha atalandira 10 n'kuperekanso imodzi kumanja kwake. Muziika 503 − 278 ndi 507 − 142 tsiku limodzi, mwana afotokoze chifukwa chake wina watha ndi 9, wina ndi 10.

Mwana wokulirapo, amene malo a nambala anawamvetsa bwino, mungamuonetse kuona kwina. Mu 503 muli mateni 50 ndi mawani 3. Akatenga teni imodzi pa 50 patsala 49, ndipo 4 ndi 9 aja atulukira nthawi imodzi. Pa 1,000 − 365 muli mateni 100, kutengapo imodzi patsala 99, mawani akhala 10, yankho 635. Koma njirayi ibwere pambuyo, manja atamasula kale mitolo kambirimbiri.

8. Adzichonge yekha

Pali njira zitatu zachangu. Yoyamba ndi kuphatikiza: yankho kuphatikiza nambala ya pansi zibweze ya pamwamba. Amene wapeza 26 pa 52 − 38 akaphatikiza 26 ndi 38 apeza 64, aona yekha kuti china chake chalakwika. Yachiwiri ndi kuyerekeza asanayambe: 52 kuchotsa 30 yokha patsala 22, ndiye kuchotsa 38 sikungasiye zoposa pamenepo. Yachitatu ndi ya mwana wobwereka paliponse: mzere umodzi sungatulutse yankho loposa 9. Akapeza 14 pa mzere wa mawani, adziwe kuti wabwereka posafunika.

Akalakwa, musafufute inu. Muuzeni kuti pali mzere umodzi umene wavuta, aupeze. Ndipo chikwapu kapena mawu oti "mbuli iwe" sizinaphunzitsepo mwana kubwereka. Mwana wamantha amathamangira kulemba chilichonse kuti zithe, pamene ife tikufuna aime ndi kuyang'ana.

9. Tulukani nazo m'kope

Dulani mapepala, lembanipo K1,000, K100 ndi K10, muchite sitolo pakhonde. Za K20, K50, K200 ndi K500 muzisiye kaye, chifukwa sizitsatira khumikhumi. Mwana akhale ndi pepala limodzi la K1,000, agule chinthu cha K650, inu munene kuti mulibe tchenji, apereke yokwanira ndendende. Mchemwali wake kapena mchimwene wake akhale wosintha ndalama. Asintha K1,000 kukhala ma K100 khumi, apeza kuti K50 sangaipereke, asinthanso K100 imodzi kukhala ma K10 khumi. Akalipira atsala ndi K350. Masitepe ake ndi omwe aja a ziro, ndipo ana amene amatumidwa kukagula zinthu pa okala amawagwira msanga.

Pomwepo mumuonetsenso kuti si samu iliyonse yofunika kuindandalika motsika. Amayi ogulitsa tomato pobweza tchenji amawerenga chokwera: 650, kuika 50 ndi 700, kuika 300 ndi 1,000. Mwana amene akukhwatcha maziro atatu kuti apeze 1,000 − 998 akuvutika chabe, angowerenga masitepe awiri kuchoka pa 998. Chimodzimodzi 41 − 39. Nambala zikayandikana, awerenge chokwera.

Kwa amene ali m'makalasi apamwamba, chenjezo lina ndi la nthawi. Pa maola 3 ndi mphindi 15 kuchotsa ola 1 ndi mphindi 40, funso ndi lomwe lija, 15 sakukwana pa 40. Koma ola likamasulidwa mumatuluka mphindi 60, osati 10 kapena 100. Ndiye akhala ndi maola 2 ndi mphindi 75, yankho ola 1 ndi mphindi 35. Mwana amene anangoloweza kulemba ka 1 amagwa apa, pamene amene anazolowera kufunsa kuti "m'mtolo umenewu muli zingati?" amadutsa. Kuchotsera komweku kumabweranso m'kati mwa samu zogawa zazitali, mpaka pa mayeso a MANEB a Sitandade 8, choncho ngakhale mwana wanu ali Sitandade 6 kapena 7, musachite manyazi kumubweza ku timitengo ngati mwaona kuti apa sipanakhazikike.

Pa zoyeserera za tsiku ndi tsiku, masamu asanu osakaniza amaposa makumi awiri a mtundu umodzi. Pakhale imodzi yosabwereka, ina yobwereka kamodzi, ina ya nambala zofanana pa mzere umodzi, ina ya ziro pansi, ina ya ziro pamwamba, ndipo muzisintha ndondomeko yake tsiku lililonse. Timitengo muzitichotsa pamene mwana wayamba kutiiwala yekha, koma tikhale pafupi kuti akakakamira atitenge. Pakapita milungu ingapo vuto lomwelo likubwerabe, tengani kope mupite nalo kwa aphunzitsi ake, muwaonetse samu yeniyeniyo ndi yankho limene mwana amalemba, muwauzenso mawu amene amanena akamaipanga. Mufunsenso ngati mwanayo amaona bwino pa bolodi kuchokera pamene amakhala, chifukwa ka 1 kobwereka kaja aphunzitsi timakalemba kakang'ono kwambiri, ndipo wokhala kumbuyo sakaona.